Makina a aNgozo Okoka Msana

Nzama, Ntcheu
4 Marichi 2007

Wokondedwa mwana wanga Tikondwe,

Ndayamba ndi moni. Kaya iwe uli bwanji ku Joniko? Ine bambo ako ndili bwino, kupatula makutuwa amene ndinawasiya kumgodi. N'chifukwa chake ndikuti usamavutike kuimba foni kwa mng'ono wako Zione ku boma kuti adzandipatsire. Tsiku lija ndinangoigwira kukhutu ngati chitsononkho, anthu n'kumandiseka. Uzilemba kalata. Pepala silinong'ona.

Nkhani ndi ya amayi ako. Msana uja wafika poipa. Unayamba chaka chatha atasenza thumba la mbatatesi kuchokera kudimba la kumtsinje, ine ndikuletsa, koma aNandau ukuwadziwa. Tsopano ululu ukutsika kuchokera m'chiuno mpaka kuchala chachikulu cha mwendo wamanzere. Akuti zimakhala ngati wina walowetsamo waya wamoto. Kutchalitchi sanapondeko chilowere chaka chino, ndipo chimene chikuwawawa kwambiri ndi chimenecho.

Ndinapita nawo kuchipatala cha paboma. Anawapatsa mapiritsi, nati zikapitirira adzawatumiza ku Blantyre, mwina kukachita opaleshoni. Atangomva mawu amenewo amayi ako anamanga chitenje n'kutuluka, kuyenda bwinobwino mpaka pageti ngati achira. Akuti mpeni pamsana pawo ayi, bola afe ali athunthu.

Iwe ukugwira ntchito kwa madokotala a mafupa. Funsa ngati kuli mankhwala oposa awa. Yankho upatsire a Silvester a galimoto la katundu, amene akubweretsera kalatayi. Amadutsa kuno pakatha milungu iwiri iliyonse.

Ndine bambo ako,
Paison Ngozo

Germiston
19 Marichi 2007

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Moni nonse. Ine ndili bwino, koma kalata yanu yandidetsa nkhawa kwambiri. Bambo, iyi muwawerengere amayi yonse, osadumphadumpha ngati mmene mumachitira ndi mapemphero aatali.

Choyamba ndikonze: ine si wa mankhwala. Ndimakolopa, ndimasintha nsalu za pabedi, ndimawiritsa tiyi. Koma maso ndili nawo, ndipo anthu odwala ngati amayi ndimawaona tsiku lililonse.

Msana ndi timafupa tosanjikizana. Pakati pa fupa ndi fupa pali kanthu kofewa, ngati kamphira kamene mumaika pakati pa zitsulo za ngolo kuti zisakhulane. Kamphirako kakafinyika kamatulukira m'mbali n'kutsamira mtsempha wopita kumwendo. Waya wamoto amene amayi akunena ndi umenewo.

Kuno tili ndi makina okoka msana. Amayi, mvetserani bwino apa: palibe mpeni, palibe magazi, palibe kugonekedwa tulo. Wodwala amagona pabedi atavala zovala zake. Amam'manga lamba wina pachifuwa, wina m'chiuno. Makinawo amakoka lamba wam'chiuno pang'onopang'ono, n'kumasula, n'kukokanso, kwa theka la ola. Mafupa akatalikirana pang'ono, kamphira kaja kamapeza mpata wobwerera m'malo mwake. Odwala khosi nawo amawakoka chimodzimodzi, koma mphamvu yake ndi yochepa. Si onse amachira, sindikunamizani. Koma ndinaona mayi wina amene anabwera atam'gwira anthu awiri, mwezi utatha anakwera yekha masitepe.

Ndajambula chithunzi kuseri kwa pepalali kuti amayi aone okha kuti si zoopsa. Inu Bambo, amene munayendetsa winchi, makina okoka miyala ndi chingwe aja, zaka khumi ndi ziwiri pansi pa nthaka, makina amenewa mungawamvetse tsiku limodzi. Ndi kukoka basi.

Ndinalimba mtima ndinapempha adokotala. Avomera kuti amayi akabwera adzawathandiza, popeza ndawagwirira ntchito zaka zinayi osajomba. Akuti adzayamba awajambula kaye msana. Ndiye yambani za pasipoti, a Silvester adzawatenga kutsogolo m'galimoto. Pogona pali ine.

Mwana wanu,
Tikondwe

Nzama
9 Epulo 2007

Tikondwe,

Moni. Kalata yako tinailandira, pamodzi ndi bulangete. Amayi ako athokoza. Ndinawawerengera yonse, ngakhale pamene unandinena.

Pasipoti si chinthu chotola pansi, mwana wanga. Ndinafunsa, akuti imatenga miyezi. Ndiye uganizirenso masiku atatu m'galimoto, kudutsa ku Tete kotentha kuja, munthu wosatha kukhala pampando mphindi khumi. Njira imeneyo ine ndimaidziwa. Komanso mbatatesi zakhwima, mavenda ayamba kale kuzungulira ngati akhwangwala. Ndikachoka pano ndidzapeza munda wayera. Tione kaye zokolola.

Chithunzi chako ndachiyang'ana masiku anayi. Unajambula bwino, aphunzitsi a pamishoni sanataye choko pachabe. Koma pali zimene sunalembe. Winchi iliyonse ili ndi muyeso wake. Makinawo amakoka mphamvu yochuluka bwanji? Chingwe chimayenda mowongoka kapena chimakwera m'mwamba pang'ono? Amakoka masiku angati? Safunsa anadya phula.

Amayi ako usiku sakugona, masana sakudya. Dzulo ndinawapeza akukwawa kupita kukhitchini kuti ine ndisaphike ndekha. Zimenezi sindingathe kuziyang'ana mpaka pasipoti ituluke.

Bambo ako

Germiston
22 Epulo 2007

Bambo,

Moni, ndi amayi omwe. Ndaseka ndekha powerenga mafunso anu. Ndinadziwa kuti chitsulo chikangotchulidwa mtima wanu ufewa. Ndakondwa kuti nkhaniyi mwaiikapo mtima, chifukwa ndimaopa kuti mukana ulendowu.

Ndinafunsa mayi amene amayendetsa makinawo. Akuti amayamba ndi mphamvu yochepa, n'kumawonjezera tsiku ndi tsiku, ndipo ena amafika pafupifupi theka la kulemera kwa thupi lawo. Chingwe chimakwera m'mwamba pang'ono. Ambiri amabwera maulendo makumi awiri. Anadabwa kuti ndikufunsiranji, ndinamuuza kuti bambo anga ndi katswiri wa makina, akadzabwera adzamuphunzitsa ntchito.

Mbatatesi zikatha musachedwenso. Zione akudandaula kuti simukumuuza kalikonse. Mutumeni iyeyo za pasipoti, ali pafupi ndi maofesi.

Tikondwe

Nzama
13 Meyi 2007

Mwana wanga Nangozo,

Moni wambiri. Lero ndikulemba ndi chimwemwe. Za pasipoti usavutike nazonso. Makina ako aja ndawapanga konkuno, ndipo amayi ako ululu watha.

Ndinachotsa chitseko cha khitchini n'kuchigoneka pa njerwa m'chipinda. Pachifuwa ndimawamanga ndi chitenje chokulungira kumzati. M'chiuno ndimawamanga ndi chingwe chachikopa cha pagoli, ndinachifewetsa ndi mafuta. Pawindo ndinakhomapo limu la njinga yanga yakale, chingwe chimadutsa pamenepo n'kutulukira panja, ndipo panjapo ndimakolekapo thumba. Chingwecho chimakwera m'mwamba pang'ono monga unanenera. Ine ndimaima panja pafupi ndi thumba, wotchi ili kumanja. Khomo ndimatseka ndi mpiringidzo, chifukwa anthu a kuno akaona chinthu chachilendo amayamba kunena za ufiti.

Amayi ako ndinawayeza pa sikelo ya mavenda, anakwana makilo makumi asanu ndi limodzi. Tinayamba ndi ndowa imodzi ya mbatatesi. Masiku asanu ndi awiri zinkayenda bwino, ankati akumva kupepuka. Kenako tinafika pa theka lija, koma ululu unkabwerabe madzulo. Ndinaganiza kuti azungu amakoka mwamantha chifukwa odwala awo ndi ofewa. Amayi ako ndi munthu wa khasu. Lachinayi ndinadzaza thumba lonse. Limu linagwira pang'ono, ndinalimenya ndi dzanja, thumba linatsika kamodzin'kamodzi. Ndinadikira theka la ola lathunthu, osachotserapo ngakhale mphindi.

Nditalowa ndinawapeza thukuta lili thupi lonse, koma anandiuza ndi manja kuti waya uja wazima. Chiyambire tsiku limenelo sanadandaulenso. Miyendo yokha ili ngati yachita dzanzi, sakutha kuimirira, ndipo madzi akuwapulumuka osadziwa, zimene zikuwachititsa manyazi. Ndikuona kuti ndi mitsempha ikupumula pambuyo pa chaka chonse cha ululu. Kumgodi nako chingwe chatsopano chimayamba chalendewera.

Uwauze adokotala akowo kuti ku Ntcheu kulinso anthu. Zione sindinamuuze, ndikufuna adzapeze amayi ake akuyenda.

Bambo ako,
Paison Ngozo

Germiston
26 Meyi 2007

Bambo,

MUSAKOKENSO. MASULANI ZONSE.

Kalata yanu yafika dzulo, galimoto la a Silvester linawonongeka panjira. Ndinathamanga nayo kwa adokotala, ndinawamasulira mawu ndi mawu. Sanandilole kumaliza. Akuti dzanzi limenelo ndi kupulumuka kwa madzi si kuchira ayi. Ululu watha chifukwa mitsempha yapanikizika mpaka yasiya kumva. Akuti munthu wotero amafunika opaleshoni tsiku lomwelo kapena mawa lake. Bambo, padutsa masiku khumi ndi asanu ndi limodzi.

Ndaimbira Zione, akubwera ndi galimoto, ndipo adzafika kalatayi isanafike. Musatsutsane naye.

Adokotala andifunsa chifukwa chake sindinakuuzeni kuti sakoka munthu asanam'jambule, kuti makinawo amayeza okha mphamvu, ndiponso kuti wodwala amagwira batani m'manja loti akamva kuwawa azimitse yekha. Batani limenelo ndimalipukuta m'mawa uliwonse. Pachithunzi paja sindinalijambule, ndinaona ngati ndi kanthu kakang'ono.

Tikondwe

Ntcheu Boma
17 Juni 2007

Achemwali,

Moni. Ndikulemba chifukwa pafoni tonse timangolira, mayunitsi n'kutha tisanamvane.

Ndiyambe ndi kukukalipirani, kenako ndisiye. Munthu wanzeru ngati inu mungawatumizire bambo chithunzi cha makina? Mwaiwala mpope wa madzi umene anapanga ndi paipi ya ekizozi? Mwaiwala chigayo cha njinga chimene chinadya chala cha amalume? Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo bambo athu ndi amenewo. Inu ndiye munawapatsanso miyeso. Basi, ndanena, zatuluka.

Tsiku lija ndinafika masana. Ndinapeza amayi atagona pachitseko paja, bambo atachapa nsalu zonse atayanika kuseri kwa nyumba kuti anthu asaone. Anandilandira akumwetulira, achemwali. Anandigwira dzanja kukandionetsa limu lawo. Ndinawalembera papepala zimene munandiuza. Anawerenga kawiri, kenako anapita kukasamba m'manja. Tinawanyamula amayi kupita nawo ku boma.

Paboma anatitumiza ku Blantyre tsiku lomwelo. Kumeneko atajambula anapeza kuti si kamphira kokha. Mafupa a amayi anali atafooka kale, ndipo fupa limodzi linaphwanyika n'kukanikiza mitsempha. Akuti msana wotero sakoka ngakhale ndi makina enieni, adokotala anu akanawabweza. Mpeni umene ankauthawa uja unawapeza ndithu. Opaleshoni inayenda bwino, koma akuti tinachedwa. Ndinafunsa ngati adzayenda. Adokotala anati tiziwatembenuza pafupipafupi kuti asachite zilonda. Ndinafunsanso, anabwereza zomwezo.

Tinabwerera kumudzi Lachitatu. Tsopano imvani chimene chandilembetsa kalatayi. A Janeti, akazi a bambo aang'ono, ananditengera kuseri kwa khola. Akuti Lachinayi lija anali kudimba kutsidya kwa mtsinje, ndipo anamva amayi akukuwa. Sikunali kukuwa kamodzi. Anakuwa nthawi yonse imene a Janeti ankathamanga kutsika, kuwoloka, kukwera chitunda. Atafika anaona bambo ataima panja pawindo, msana atalozetsa kukhoma, akuyang'ana wotchi. Asanawagwire n'komwe, bambo anachotsa thumba okha pachingwe, nthawi itakwana.

Pakati pa amayi ndi bambo panali khoma limodzi la njerwa, achemwali. Mudzi wonse unamva, kupatula iwo.

Amayi anawaletsa a Janeti kunena, koma nkhani yafika kale pachitsime. Ine ndakwiya moti sindikutha kuwayang'ana bambo kumaso. Nthawi zina ndimafuna kuwalembera papepala ndi zilembo zikuluzikulu. Ndiuzeni chochita.

Mng'ono wanu,
Zione

Nzama
1 Julayi 2007

Tikondwe mwana wanga,

Ndine mayi ako, akundilembera ndi Zione. Ndamuuza kuti alembe zimene ndikunena, osati zimene akuganiza, ndipo ndidzapatsa a katekisiti kuti andiwerengere ndione ngati wandibera mawu.

Uli bwanji? Akuti kumeneko kukuzizira, uzivala masokosi. Ine ndilipo. Kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba ndine yemwe uja. Ndikusenda mbatatesi, ndikutola nyemba, pakamwa ndiye pachita kunyanya. Amayi a mphakati amabwera Lachisanu kudzaimba nane. Miyendoyi ndimaiyang'ana ngati ya mlendo. Zimandiwawa mumtima, sindikubisira, makamaka belu la kumishoni likalira.

Ndamva kuti ukufuna kusiya ntchito ubwere. Usayerekeze. Ukabwera udzandipatsa miyendo yako? Ndamvanso kuti ukudziimba mlandu. Madzi akatayika saoleka. Pachitseko paja palibe amene anandigoneka mokakamiza, ndinkachita kuwafulumizitsa bambo ako kuti awonjezere.

Zimene Zione anakuuza ndi zoona. Ndinakuwa. Ndinayamba ndi aNgozo, kenako bambo a Tikondwe. Pomaliza ndinawaitana dzina lawo lenileni, limene sindinalitchulepo chikwatiwire, zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. A Janeti akuti limenelo ndi limene linawathamangitsa, anadziwa kuti zavuta.

Koma tamvera. Makutu amenewo bambo ako sanawataye ku mowa. Anawasiya pansi pa nthaka akufuna malata ali pamutu pangawa ndi sukulu imene inakuphunzitsa kujambula. Masiku ano amadzuka kanayi kudzanditembenuza. Amandisambitsa okha, amakana kuti a Janeti awathandize. Chimene chikuwalimbitsa mtima n'chakuti akuganiza kuti zinachitika mwakachetechete, kuti ngakhale wa makutu sakanadziwa. Anandifunsa ngati ndinawaitana, ndinapukusa mutu. Anafunsa Zione, anathawira kukhitchini. Ndikudziwa kuti adzafunsa iwe, chifukwa amati Tikondwe yekha ndiye sanama.

Ine ndataya miyendo. Usanditayitsenso mwamuna.

Mayi ako,
Nandau

Nzama
15 Julayi 2007

Tikondwe,

Moni. Ndachedwa kukulembera chifukwa sindimadziwa poyambira.

Amayi ako akudya bwino. Zilonda alibe. Chitseko ndinachibwezera kukhitchini. Limu lija ndinafuna kukaliponya kumtsinje, koma iwo akana. Anandiuza kuti ndilikhome pamwamba pa bedi, chingwe chizilendewera, ndipo ndi chimene amagwira akafuna kudzuka kuti akhale tsonga. Ndiye ndimaliona m'mawa uliwonse ndikangotsegula maso. Mbatatesi za kudimba la kumtsinje zaolera pansi, sindinapiteko.

Ndinalakwa, mwana wanga. Unati adzayamba awajambula kaye, mawu amenewo ndinawawerenga ndipo ndinawadumpha. Za batani lija ndaziganizira kwambiri. Kumgodi tinali ndi chingwe cha belu, munthu akakoka kamodzi winchi imaima. Ndinagwira ntchito ndi belu limenelo zaka khumi ndi ziwiri. Kwa mkazi wanga sindinaliike.

Tsopano ndili ndi funso limodzi. Wogontha amamva ndi maso. Ndikafika pachigayo anthu amatseka pakamwa. A Janeti akandiona amayang'ana pansi. Zione amandipatsa madzi nkhope atatembenuza. Pali chimene onse akudziwa.

Ndinaima pawindo paja theka la ola. Ndikufuna kudziwa ngati amayi ako anandiitana. Iwo akuti ayi, akuti zinangochita dzanzi basi. Koma aNandau akhoza kunama kuti munthu adye nsima. Iwe ndi Zione mumauzana zonse, ndipo iwe chibadwire sunandinamizepo, ngakhale tsiku limene unaswa nyali ya galasi. Chimene ulembe ndidzachikhulupirira.

Kodi anakuwa?

Bambo ako,
Paison Ngozo

Germiston
29 Julayi 2007

Okondedwa Bambo,

Moni. Ine ndili bwino. A Silvester akubweretserani mpando wa matayala, ndi wakale koma ndi wolimba. Tayala lakumanja limakhota, ndikudziwa kuti mulikonza. Mafuta ali m'botolowo muziwapaka amayi m'zidendene ndi m'chiuno.

Anthu akuyang'ana pansi chifukwa cha chisoni, Bambo, palibenso china. Zione ndi mwana, mkwiyo wake udzatha. Batani lija amene sanalijambule ndine, ndipo limenelo ndisenza ndekha.

Ndafunsa Zione, ndafunsa a Janeti, ndafunsanso adokotala, amene akuti zoterezi zimachitika munthu osamva kanthu.

Amayi sanakuwe.

Ndidzabwera pa Khirisimasi. Kalatayi musawawerengere amayi, ingowauzani kuti ndamva, ndipo masokosi ndikuvala.

Mwana wanu,
Tikondwe